Munthu wokhala m'khola chaka chathunthu: chosema chili pati pamenepa?

Funso: Ndine mphunzitsi wa zaluso pasukulu ina ya sekondale. Ophunzira anga anaona pa YouTube kanema wa mayi wina amene anakhala masiku 12 pansanja m'nyumba yoonetseramo zaluso, osadya, osalankhula, anthu akungomuyang'ana. Anandifunsa ngati zimenezi ndi zisudzo, mapemphero kapena mpikisano wopirira njala, ndipo nditawauza kuti akatswiri amaziika m'gulu limodzi ndi zosemasema, anaseka. Kodi chosema chili pati pamenepa, nanga tingasiyanitse bwanji ntchito yaluso ndi zochita za munthu wongofuna kutchuka?

Yankho: Aphunzitsi, kanema amene ana anu anaona ayenera kuti ndi wa Marina Abramović, mayi wobadwira mumzinda wa Belgrade mu 1946, ndipo ntchitoyo, imene anaitcha The House with the Ocean View, anaichitira m'nyumba yoonetseramo zaluso ya Sean Kelly ku New York mu Novembala 2002. Kuseka kwa anawo musakuone ngati mwano, chifukwa kanema wa mphindi zochepa amachotsa chinthu chenicheni chimene ntchito yotere imapangidwa nacho, chomwe ndi kutalika kwa nthawi, n'kungosiya munthu wokhala duu amene akuoneka ngati wasowa chochita.

Tiyambe ndi zimene zinali m'chipindamo, pakuti ambiri amathamangira kukamba za njala ya mayiyo n'kuiwala zimene anamanga. Pakhoma anakhomapo timanyumba titatu tokwezeka ngati nsanja, topanda khoma lakutsogolo, moti zonse zamkati zinali poyera. Kena kanali ndi bafa ndi chimbudzi, kena mpando ndi tebulo, ndipo kachitatu kanali ndi bedi. Kanyumba kalikonse kanali ndi makwerero otsikira pansi, koma popondera pake panali mipeni ikuluikulu yodulira nyama, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba. Kwa masiku 12 sanatsike, sanalawe chakudya kupatula madzi, sanalankhule, ndipo ankasamba, kugona ndi kudzithandiza anthu ali pomwepo. Olowa ankapemphedwa kukhala chete, ndipo panali chipangizo choonera zapatali chimene mlendo ankatha kusuzumirapo kuti aone nkhope yake pafupi. Taganizirani makwerero aja. Makwerero alionse amauza wowaona kuti njira ilipo, koma awa ankaonetsa njira n'kuitseka nthawi yomweyo. Pamwambapo pakanapanda munthu wanjala amene akanalakalaka kutsika, mipeniyo ikanangokhala chokongoletsa chodabwitsa, ndipo pakanapanda makwererowo, mayiyo akanangokhala munthu wosala kudya monga amachitira ena kunyumba kwawo. Chilichonse mwa ziwirizi chinkalandira tanthauzo kuchokera kwa chinzake.

Wosema ziboliboli, kaya amasema phingo kapena mwala, amalimbana ndi mafunso ochepa amene sasintha: chinthuchi chikule bwanji poyerekeza ndi munthu woima pafupi nacho, chilemere motani, chiime pati, ndipo wochiona azichizungulira bwanji. Chithunzi chojambulidwa papepala chimangofuna maso, koma chosema chimalanda malo amene inu mukanaimapo, ndipo thupi lanu limayamba kudziyeza nacho musanaganize n'komwe. M'zaka za m'ma 1960 amisiri ena a ku Ulaya ndi ku America anafunsa kuti, ngati mafunso ake ndi amenewa, n'chifukwa chiyani choikidwa pamalopo chiyenera kukhala mwala kapena mkuwa, osati thupi lamoyo, limene nalonso lili ndi msinkhu ndi kulemera kwake. Mu 1961 Piero Manzoni wa ku Italy anakhoma kansanja kamatabwa kokhala ndi zizindikiro za mapazi pamwamba, n'kunena kuti aliyense woimapo ndi ntchito yaluso pa nthawi yonse imene waimapo. Gilbert ndi George, amene anakumana mu 1967 akuphunzira zosema pasukulu ya St Martin's ku London, ankadzola utoto wonyezimira ngati chitsulo kumaso ndi m'manja, n'kuima patebulo akutembenuka pang'onopang'ono, nthawi zina kwa maola 8, ndipo ankadzitcha zosema zamoyo.

Chris Burden anapita nazo patali. Pomaliza digiri yake yachiwiri pa University of California ku Irvine mu 1971, anadzitsekera masiku 5 m'kabati yachitsulo yosungiramo katundu wa ophunzira, ya masentimita pafupifupi 60 msinkhu, 60 m'lifupi ndi 90 kulowa mkati. M'kabati yapamwamba pake anaikamo botolo la madzi la malita pafupifupi 19, ndipo m'kabati yapansi botolo lopanda kanthu lolandira mkodzo. Wozolowera zosema amaona msanga zimene zinachitika apa: mabokosi atatu osanjikizana, madzi akuchoka m'lapamwamba kupita m'lapansi kudzera m'thupi la munthu wopindika m'lapakati.

Yankho la funso lanu loyamba lili pamenepa. Mu ntchito zamtunduwu, chomangidwacho, kaya ndi khola, khomo, nsanja kapena kabati, chimagwira ntchito imene chikombole chimagwira poumba njerwa, ndipo dothi lothiridwamo ndi maola a moyo wa munthu. Nthawi payokha sioneka ndi maso, koma ikapanikizidwa m'malo odziwika muyeso wake, pathupi limene limatopa, kuonda ndi kumera tsitsi, imayamba kukhala ndi maonekedwe amene munthu wina angathe kuimirira pafupi n'kuwayang'ana.

Palibe amene anaonetsa zimenezi momveka kuposa Tehching Hsieh, ndipo ndikhalitsa pa iye chifukwa kwa ine ndiye muyeso woyezera ena onse. Anabadwira ku Taiwan mu 1950, ndipo mu 1974 anathawa m'sitima yapamadzi imene ankagwiramo ntchito itaima pafupi ndi Philadelphia, n'kukhala ku America zaka 14 wopanda zikalata zomuloleza kukhala m'dzikomo. Kumapeto kwa Seputembala 1978 anameta mpala n'kulowa m'khola la mitengo limene anamanga mkati mwa chipinda chake chogwiriramo ntchito ku Hudson Street ku New York, la mamita 3.5 m'litali, 2.7 m'lifupi ndi 2.4 msinkhu. Mkatimo munali bedi, sinki, ndowa ndi nyale yamagetsi basi. Analemba chikalata chachifupi cholonjeza kuti kwa chaka chathunthu sadzacheza ndi munthu, sadzawerenga, sadzalemba, sadzamvera wailesi kapena kuonera wailesi yakanema. Loya wina, Robert Projansky, anamata timapepala tosainidwa m'malo olumikizira mitengo ya kholalo kuti pamapeto pake adzachitire umboni kuti silinatsegulidwepo. Mnzake wina ankabwera tsiku ndi tsiku kudzapereka chakudya, kutaya zam'ndowa ndi kumujambula chithunzi chimodzi, osalankhulana naye. Tsiku lililonse Hsieh ankakanda kamzere kamodzi pakhoma. Anafotokozapo yekha kuti m'maganizo mwake anagawa kholalo, pomwe panali bedi n'kukhala kunyumba ndipo ngodya zinazo n'kukhala kunja, moti akafuna kuwongola miyendo ankanyamuka kukayenda kungodyako kenaka n'kubwerera kwawo.

Chofunika kuti ana anu achimvetse n'chakuti anthu ankaloledwa kudzamuona pamasiku ochepa okha osankhidwa, ndipo masiku ena onsewo panalibe woonerera. Sewero lopanda oonerera silichitika, koma ntchito iyi inkapitirira usiku ndi usana m'chipinda chotseka, monga mmene chiboliboli chimakhalirabe chili chiimire nyumba yoonetseramo ikatsekedwa madzulo. N'chifukwa chake panafunika loya ndi timapepala take. Umboni unalowa m'malo mwa maso a anthu.

Chaka chotsatira, kuyambira pa 11 Epulo 1980 mpaka pa 11 Epulo 1981, Hsieh ankadinda khadi pawotchi yonga imene imalemba nthawi yolowera ndi yowerukira antchito m'mafakitale, ola lililonse usana ndi usiku, n'kudzijambula chithunzi chimodzi akangodinda. Pa maulendo 8,760 amene anayenera kudinda anaphonya 133 okha, ndipo zithunzizo zitalumikizidwa zinapanga kanema wa mphindi pafupifupi 6 momwe tsitsi lake limaoneka likumera kuchoka pampala mpaka kufika m'mapewa. Apa panalibe khola looneka, komabe munthu amene ayenera kubwerera pamalo amodzi ola lililonse sangagone tulo tokwanira kapena kupita kutali, choncho wotchiyo inamumangira mpanda wake. Kenaka anatembenuza nkhani yonse. Kuyambira Seputembala 1981 mpaka Seputembala 1982 analumbira kuti sadzalowa m'nyumba iliyonse, m'galimoto, m'sitima, m'ndege, m'phanga kapena m'tenti, ndipo anakhala m'misewu ya New York ndi chikwama ndi thumba logonamo, kuphatikizapo m'miyezi yachisanu imene madzi amaundana panja, akulemba pamapu tsiku lililonse kumene wayenda, kumene wadya ndi kumene wagona. Lamulolo linaswedwa kamodzi, apolisi atamugwira pa mkangano wina n'kumusunga m'nyumba kwa maola 15. Ntchito imeneyi ndi imene imanditsimikizira kuti nkhani ya nyumba si yongowonjezera pa luso limeneli, chifukwa Hsieh sanamange kalikonse, koma anasandutsa khomo lililonse la mzinda wonsewo kukhala malire a chosema chake. Mu 2017, pamene ankaimira Taiwan pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice, ntchito ya wotchi ija ndi iyi yokhala panja zinaonetsedwa mu Palazzo delle Prigioni, nyumba imene kale inali ndende.

Palinso njira ina imene amisiriwa amagwiritsira ntchito nyumba, yomwe imakhudza thupi la woonerera mwiniyo. Mu 1977, Abramović ndi mnzake Ulay anachepetsa khomo lolowera m'nyumba ya zaluso ya mzinda wa Bologna ku Italy, n'kuima pakhomopo ali maliseche, atayang'anizana, wina mbali iyi wina mbali iyo. Aliyense wofuna kulowa anayenera kudutsa chammbali pakati pawo, akukhudzana nawo, ndipo asanadutse anayenera kusankha kuti ayang'ane kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Apolisi anaimitsa zimenezi patatha mphindi 90. Ndikudziwa kuti kwa ife nkhani ya umaliseche imatseka makutu msanga, ndipo simukukakamizidwa kuionetsa m'kalasi, koma taonani mmene inapangidwira: matupi awiri anakhala mafelemu a khomo, ndipo chosemacho chinali mpata wopapatiza wapakati pawo. Pamene ntchitoyi inabwerezedwa ndi achinyamata ophunzitsidwa ku Royal Academy ku London mu 2023, panali khomo lina la osafuna kudutsa pamenepo, ndipo ine ndimaona kuti khomo lachiwirilo linachotsa theka la mphamvu yake, popeza chimene chinali chokakamiza chinasanduka chosankha.

Kusiyana kwake ndi zisudzo tsono n'koonekeratu. Wochita sewero amavala khalidwe la munthu wina, akafa pasiteji amadzuka anthu akamawomba m'manja, ndipo zaka khumi za m'nkhani zimatha m'mphindi zisanu. Kuno munthu ndi iye mwini, njala ndi njala yeniyeni, ndipo ola limatenga ola. Za mapemphero, ana anu sanaphonye kwambiri, pakuti Abramović anaphunzira zambiri kwa amonke achibuda a ku Tibet ndiponso kwa eni nthaka a m'chipululu cha Australia, ndipo kubindikira, kusala kudya ndi kukhala chete n'zinthu zimene zipembedzo zinazidziwa kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti wopemphera amabindikira pamaso pa Mulungu wake, pamene awa amakonza malo, muyeso ndi lamulo kuti munthu wina aone.

Si ntchito zonse zamtunduwu zimene zimafuna kuzunzika kwa munthu mmodzi. Pabwalo la Trafalgar Square ku London pali chipilala chimene chinamangidwa mu 1841 kuti padzaikidwe chiboliboli cha Mfumu William IV atakwera hatchi, koma ndalama zitasowa chinakhala chopanda kanthu kwa zaka zoposa 150. Mu 2009 mmisiri wa zosemasema Antony Gormley anakonza zoti anthu wamba 2,400, osankhidwa mwamaere, aziima pachipilalapo mmodzimmodzi, aliyense ola limodzi, usana ndi usiku kwa masiku 100, kuyambira pa 6 Julayi mpaka pa 14 Okutobala. Ena ankavina, ena ankalalikira nkhani zawo, ena ankangokhala, koma onse ankaoneka aang'ono pamalo amene anayezedwera mfumu ndi hatchi yake, ndipo kuchepa kumeneko ndiko kunali nkhani. Chipilala chomwecho n'chimene chinanyamula Antelope, chosema cha Samson Kambalu wa kuno ku Malawi, kuyambira mu Seputembala 2022 mpaka 2024, choonetsa John Chilembwe atavala chipewa, wamkulu kuposa mmishonale John Chorley amene anaima naye pa chithunzi cha mu 1914. Kambalu anagwiritsa ntchito chiboliboli ndipo Gormley anagwiritsa ntchito anthu amoyo, koma onse awiri ankayankha funso limodzi la wosema, loti ndani ayenera kuima pamwamba apa, ndipo akule bwanji.

Funso lanu lachiwiri ndilo lovuta, ndipo malire ake si owongoka. Mu 2003 David Blaine, katswiri wa zamatsenga zapasiteji wa ku America, anakhala masiku 44 m'bokosi loonekera mkati lopachikidwa pafupi ndi Tower Bridge ku London, akumwa madzi okha. Zonse zimene ndatchula zinalipo: thupi, bokosi, nthawi yaitali. Komabe chimene khamu linkadikira chinali nambala, kuti kodi afika kapena akomoka, ndipo wina atadzakhala masiku 45 ndiye kuti wamuposa. Chaka cha Hsieh sichingaposedwe ndi munthu wokhala miyezi 13, chifukwa chaka sanachisankhe kuti chikhale chovuta koposa, koma chifukwa ndi muyeso umene anthu onse timawerengera moyo wathu. Ndiye pamene mukuyesa ntchito yotere, funsani ngati kuwonjezera tsiku limodzi kukanaipangitsa kukhala yopambana. Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti mukuonerera mpikisano. Funsaninso ngati chomangidwacho chili ndi chonena pachokha monga makwerero a mipeni aja, kapena changokhala chiwiya choikamo munthu kuti aoneke bwino pakamera. Pali zina zimene zimaima pakatikati. Abraham Poincheval anakhala sabata imodzi mu 2017 mkati mwa mwala wa matani 12 ku Palais de Tokyo ku Paris, mwalawo atausema mkati motsatira maonekedwe a thupi lake atakhala pansi. Monga chosema, mwala umenewo ndimauona kuti ndi wanzeru kwambiri, koma manyuzipepala ambiri anangowerenga masiku. Ngakhale Abramović yemwe, pamene anakhala pampando maola opitirira 700 ku Museum of Modern Art ku New York mu 2010 akuyang'anizana ndi mlendo mmodzimmodzi, anakopa anthu ambiri amene anabwera kudzaona munthu wotchuka osati ntchito, ndipo ine ndimaika timanyumba ta mu 2002 patsogolo pa mpando umenewo.

Ngozi yake nayonso ndi yeniyeni, ndipo imagwera onse amene ali pafupi. Mu 1975, ku Museum of Contemporary Art ku Chicago, Burden anagona pansi kunsi kwa galasi lalikulu lotsamiritsidwa kukhoma, wotchi ili pamwamba pake, osauza aliyense kuti adzadzuka liti. Lamulo limene anasunga mumtima linali lakuti sadzasuntha mpaka wina wa m'nyumbamo atachitapo kanthu. Akuluakulu a nyumbayo, poopa kusokoneza ntchito ya mmisiri, anangomusiya, mpaka patatha maola 45 ndi mphindi 10 wantchito wina anaika jagi ya madzi pafupi naye. Pomwepo Burden anadzuka, anakatenga hamala n'kuphwanya wotchiyo. Chimene chinayesedwa pamenepo sichinali kupirira kwake kokha, koma kuti anthu ophunzira bwino angayang'anire mnzawo akufooka kwa nthawi yaitali bwanji chifukwa chakuti auzidwa kuti ndi luso.

Chimene chimatsala ntchito ikatha ndi chikalata cha lamulo, zithunzi, makhadi odindidwa ndi chomangidwacho. Khola la Hsieh linaimikidwanso ku Museum of Modern Art mu 2009, lopanda munthu, pamodzi ndi zithunzi za tsiku ndi tsiku, ndipo zinthu zoterezi n'zimene nyumba zosungiramo zaluso zimasunga ndi kuonetsa.

M'kalasi mwanu, Aphunzitsi, musalole mwana aliyense kusala kudya, kudzitsekera kapena kukwera pamalo okwezeka, chifukwa phunziro lake silili m'kuvutika. Auzeni asankhe malo amodzi a pasukulupo, awayeze ndi tepi, alembe lamulo limodzi la chiganizo chimodzi, ndipo aike nthawi yofanana ndi piriyodi imodzi. Mwachitsanzo, ophunzira awiri ovala yunifolomu aime chete pakhomo la kalasi atayang'anizana kwa mphindi 40, ena akulemba zimene olowa ndi otuluka akuchita: amene akupepesa, amene akuwerama, amene akubwerera, ndiponso mphindi imene mapewa a oimawo ayamba kugwa. Tsiku lotsatira abwereze lamulo lomwelo, ana omwewo ndi mphindi zomwezo, koma pakati pa bwalo la mpira pomwe palibe khoma, kenaka ayerekeze zimene analemba masiku awiriwo.